Kaikidwe ka giyabokosi ya bowo pa lamba wonyamula matumba

Giyabokosi ya bowo ilibe shafti yake yotulukira kunja. Pakati pake pali bowo, ndipo shafti ya makina anu ndi imene imalowa m'menemo. Tcheni ndi mapule sizifunikanso, choncho malo amachepa. Amisiri a ku Mchinji amene mukupanga malamba okweza matumba a soya ndi mtedza, imeneyi ikuyenerani.

Mota ya mapolo 4 pa magetsi a ESCOM a 50 Hz imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi. Giyabokosi ya 30:1 imatsitsa liwirolo kufika pa 47.

Yezani shafti ndi vernier, chida choyezera kukula kwa chitsulo molondola, osati ndi diso. Mwachitsanzo, giyabokosi ya mtundu wa NMRV 050 ili ndi bowo la mamilimita 25, ndipo kiyi wake, kachitsulo kolowa m'ngalande ya shafti ndi ya bowo kuti zizizungulira limodzi, ndi wa mamilimita 8 kwa 7. Shafti ilowe mothina pang'ono, koma isagwedere. Ikakhala yokhwepa, zitsulo ziwirizi zimakhulana pang'onopang'ono, ndipo mudzaona fumbi lofiira ngati dothi la katondo likutuluka m'mphepete mwa bowo. Ndi dzimbiri limenelo, ndipo likamanga, giyabokosi imakanirira pa shafti moti kuichotsa n'kuvuta. Pukutani shafti, palani timinga ta m'mphepete mwa ngalande ya kiyi, kenako pakani girisi woletsa dzimbiri musanalowetse.

Hamala ikhale kutali, chifukwa kumenya kumavulaza mabering'i a m'kati. Boolani kumapeto kwa shafti, dulani mazinga a M10, ndipo kokani giyabokosi ndi bawuti yaitali, washala wokhuthala ndi nati.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Giyabokosi yotere imalendewera pa shafti, ndiye imafunika mkono wachitsulo woiletsa kuzungulira limodzi ndi shaftiyo. Mkonowo umangidwe ku felemu ndi bawuti imodzi yodutsa mu raba, kuti uzitha kusuntha pang'ono. Shafti yosemedwa pa lathe siikhala yowongoka ndendende. Ikamazungulira, giyabokosi imagwedezeka mutu pang'ono, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Mukauwotcherera mkonowo ku felemu, kugwedezeka konseko kumathera pa mabering'i ndi pa siilo, mafuta n'kuyamba kudontha.

Yatsani lamba wopanda katundu kwa mphindi 15, mukumvetsera phokoso ndi kuyang'ana siilo. Kufunda ndi khalidwe la giyabokosi, koma ikatentha msanga isananyamule thumba ndi limodzi lomwe, zimitsani muone mkono uja.