Munda wotopa musathamangire kuudzaza bulugamu

Alimi anzanga a m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ambiri muli ndi kamunda kumtunda komwe chimanga chinaleka kalekale kubereka. Ena munangokasiya napolo wa namondwe Freddy atakokolola nthaka mu Marichi 2023. Mukabwera kwa ine mumafikira kupempha mbande za bulugamu. Dikirani kaye, tiyambe tayendera mundawo.

Yang'anani pansi. Zitsa za msuku, mombo, muwanga, mpoza ndi nthudza zomwe munkasadza chaka ndi chaka posoka munda sizinafe ayi, n'chifukwa chake zimangophukirabe. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka bwino, zinazo muchotse. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo podula muziyambira pansi kukwera m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Mphukira yotere imaisiya kutali mbande ya ku nazale, poti muzu wake unazama kale ndipo chilimwe sichiuopsa. Simulipira kanthu, simuthirira.

Chimene chimagwetsa ntchitoyi ndi moto. Lambulani njira kuzungulira malowo mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, musachite kudikira Okutobala anyamata osaka mbewa atayamba kuyatsa tchire. Moto umodzi wa mwezi umenewo umapsereza mphukira za zaka ziwiri. Mbuzi nazonso zimangidwe. Apa pokha simungathe nokha: kambiranani ndi oyandikana nawo minda pamaso pa amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe m'mudzi, lamulo likhale la onse.

Kubzala kulipo, koma pokhapo pamene palibiretu chitsa. Mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale, ikani mbawa, katope ndi mkuyu m'mbali mwa mitsinje ndi m'makhwawa. Mkungudza musavutike nawo kuno kumunsi, kwawo ndi pamwamba pa phiri pozizira.

Mkuyu ndimaukonda pa chifukwa china. Nkhuyu zikapsa, mbalame zimadzadya masana, mileme usiku, ndipo m'zitosi zawo zimasiya njere za mitengo ina zomwe zadya kuphiri. Pakapita nyengo mudzaona timitengo tomwe simunabzale. Musamasese pansi ngati pabwalo. Masamba aziwolerana pomwepo, tizitsamba titsale kuti nkhwali ndi akalulu azibisalamo, ndipo mtengo wouma wokhala ndi mphako ulekeni. Kadzidzi amene mumamuthamangitsa ndi miyala uja ndiye amatha makoswe. Bowa wa m'tchire amamera mogwirizana ndi mizu ya msuku ndi mombo, ndiye mitengoyi ikakula nayenso amabwerera. Ming'oma ya njuchi mutha kupachika mthunzi ukayamba.

Sindikubisirani, apusi ndi anyani nawo adzafika, ndipo chimanga cha m'malire adzachilawa. Choncho nkhalangoyo iyambire kumtunda kotsetsereka ndi m'mphepete mwa madzi, pakati pa mitengo ndi chimanga pakhale mpata woyera woti mlonda aziona patali.