Kubaya jakisoni mbuzi ndi ng'ombe ku Chigwa cha Shire

Mankhwala ambiri amene alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amati sanagwire ntchito amakhala abwinobwino. Cholakwika chimakhala mlingo, pobaya pake, kapena botolo linapsa kale ndi dzuwa la Okutobala pa benchi ya pamsika. Musanagule onani tsiku lothera mphamvu, ndipo kunyumba sungani botolo pamthunzi pozizira, pafupi ndi mtsuko wa madzi.

Mlingo umatsata kulemera kwa chiweto, osati kuyerekeza ndi maso. Mbuzi ilowetseni m'thumba n'kuikoloweka pa sikelo ija ya thonje. Ng'ombe imayezedwa ndi tepi yozunguliza pachifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Oxytetracycline wa 20%, mankhwala opha mabakiteriya, uja wolembedwa LA (kutanthauza kuti amagwira ntchito nthawi yaitali m'thupi), ndi 1 ml pa makilogalamu 10 aliwonse, pamene ivermectin wa 1%, wopha njoka zam'mimba ndi tizilombo ta pakhungu, ndi 1 ml pa makilogalamu 50. Choncho mbuzi ya makilogalamu 30 ikufunika 3 ml ya woyambayo, koma 0.6 ml yokha ya wachiwiriyo. Mlingo wochepa chonchi simungauyeze ndi sirinji ya 20 ml, pezani ya 2 ml. Kupungula mlingo pofuna kuti botolo likwanire khola lonse n'kumene kumazoloweretsa tizilombo mankhwala.

Singano ya ng'ombe ndi 16G kapena 18G, ya mbuzi 18G kapena 20G. Nambala ikakula, singano imachepa. Yopindika musaiwongole, imathyokera m'thupi.

Oxytetracycline amabayidwa mumnofu, ndipo malo abwino ndi pakhosi: pambali, kutsogolo kwa phewa, pansi pa mzere wa msana koma pamwamba pa mafupa a khosi. Mangani ng'ombe mutu pamtengo, wina aigwire mphuno. Menyani pamalopo ndi chibakera mopepuka kawiri katatu, kenaka lowetsani singano molunjika. Musanakankhe mankhwala, kokani kaye kampini ka sirinji pang'ono. Mukaona magazi ndiye kuti mwalasa mtsempha, zulani mubaye pena. Mankhwalawa amawotcha mnofu, n'chifukwa chake ng'ombe ya makilogalamu 250, yofunika 25 ml, muigawire malo awiri kapena atatu. Mbuzi isapitirire 5 ml pamalo amodzi.

Anthu amakonda pantchafu poti m'pofikirika. Kwa mbuzi zathu zowondazi, makamaka chilimwe, m'poopsa. Kuseri kwa fupa la ntchafu kumadutsa mtsempha waukulu woyendetsa mwendo, ndipo singano ikaukhudza mbuzi imayamba kukoka phazi, mwina mpaka kalekale. Komanso nyama yabwino ili pomwepo, wogula akapeza chotupa cha mafinya amaidula n'kutaya.

Ivermectin ndi wa pansi pa khungu. Tsinani khungu la pakhosi kapena kuseri kwa phewa, likwezeni ngati katenti, lowetsani singano m'munsi mwake mogonera thupi. Ubweya ukanyowa ndiye kuti mwaboola mbali zonse ziwiri. Jakisoni wa mumtsempha asiyireni alangizi a ziweto.

Pomwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, lowetsani pambali pa kamwa pamene palibe mano, pamwamba pa lilime, pang'onopang'ono. Mutu ukhale chimodzimodzi ndi msana. Mukaukweza kumwamba mankhwala amalowa m'mapapo, chiweto n'kudwala chibayo. Albendazole musapatse yaikazi imene yangotenga bere.

Kutentha kwa thupi yezani kumatako m'mamawa, chifukwa masana a ku Ngabu ngakhale ng'ombe yabwino imaoneka ngati ili ndi malungo. Ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3, mbuzi imafika 40. Yodwala ipatuleni, ikhale pamthunzi ndi madzi pafupi. Ng'ombe yogwa musaisiye chogona cham'mbali, imatupa mimba. Itsamiritseni pachifuwa ndi matumba a udzu, muziitembenuza pakapita maola atatu kapena anayi.

Werengani pabotolo masiku odikira musanaphe kapena kukama. Kwa oxytetracycline LA nthawi zambiri nyama ndi masiku pafupifupi 28, ndipo ivermectin sapatsidwa ng'ombe imene mukukama mkaka wakumwa.

Ng'ombe ikamatuluka dovu, ikutsimphina, ili ndi zilonda m'kamwa ndi pakati pa ziboda, bwezerani sirinji m'thumba. Matenda amenewa, otchedwa foot and mouth pa Chingerezi, amabuka kawirikawiri kuno, makamaka kufupi ndi njati za m'nkhalango yosungirako nyama ya Lengwe, ndipo oxytetracycline sapha kachilombo kake. Tsekani khola, musatumize ng'ombe kumsika, uzani alangizi tsiku lomwelo.