Njinga ya Cycle to Work: werengani ndalama musanasaine

Anthu ambiri kuno ku Britain akamva za Cycle to Work amangotolapo mawu awiri, njinga yotchipa. Kutchipa imatchipadi, koma pali mfundo imene ambiri amaizindikira atasaina kale: njingayo si yanu. Mwini wake ndi kampani imene mumagwirako ntchito, kapena bungwe limene likuyendetsa ndondomekoyi m'malo mwa kampaniyo, ndipo inu mwangoichita lendi. Phindu la ndondomekoyi lagona pamenepo, ndipo amene amapsa nayo amapseranso pomwepo.

Boma linaiyambitsa kudzera mu Finance Act ya 1999, pofuna kuti anthu azisiya galimoto kunyumba popita kuntchito. Inu ndi abwana anu mumagwirizana kuti malipiro anu atsike ndi ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse, iwo n'kukubwerekani njinga. Ndalamayo imachoka msonkho usanawerengedwe, choncho simuilipirira msonkho wa pamalipiro kapena National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pa malipiro. Kwa munthu wa ku England, Wales kapena Northern Ireland amene amadulidwa msonkho wa 20%, kuonjezapo 8% ya National Insurance, pa paundi iliyonse amapulumutsa 28p. Amene ali pa msonkho wa 40% amalipira National Insurance ya 2% pa gawo lapamwambalo, ndiye amapulumutsa 42p. Ku Scotland magawo a msonkho ndi ena, a kumeneko awerenge ndi manambala awo.

Tiyerekeze kuti njinga ndi zipangizo zake zakwana £1,000, ndipo mwasankha miyezi 12. Pa payslip padzaoneka kuti achotsa £83.33. Koma ndalama yolowa ku banki idzatsika ndi £60 yokha ngati muli pa 20%, kutanthauza £720 pa chaka. Wa 40% uja zimamukwana £580. Inde, ndondomekoyi imakomera kwambiri amene amalandira kale zambiri, ndipo ine zimenezi sizindisangalatsa, koma ndi mmene anaikonzera. Manambala awiriwa muwasunge, chifukwa si omaliza.

Musanayambe n'komwe kuyang'ana njinga, onani ngati malipiro anu akukulolani. Lamulo silimalola kuti mgwirizano wotere utsitse malipiro kufika pansi pa mlingo wochepetsetsa umene boma linaika. Kuyambira Epulo 2025 mlingowu unali £12.21 pa ola kwa azaka 21 kupita m'tsogolo, ndipo umasintha Epulo aliyense. Pa mlingo wa 2025 umenewo, tengani munthu wolandira £12.60 pa ola amene amagwira maola 37.5 pa sabata: pamwamba pa £12.21 ali ndi 39p yokha pa ola, imene pa mwezi ndi £63 ndi timakobidi. Ameneyo £83.33 ija sangaloledwe. Apa ndi pamene anzathu ambiri osamalira okalamba ndi ogwira m'nyumba zosungira katundu amabwezedwa. Njira yake ndi kutenga njinga yotsika mtengo kapena kupempha kuti ndalamayo igawidwe miyezi yambiri. Pa miyezi 24, £1,000 imakhala £41.67 pa mwezi, ndipo imeneyo ikulowa. Si makampani onse amene amalola miyezi yoposa 12, choncho funsani. Muyeneranso kukhala wolembedwa ntchito amene msonkho wake umadulidwa pa PAYE, kutanthauza kuti abwana amaudula malipiro asanakufikeni. Wodzilemba yekha ntchito sizimukhudza.

Kenaka pitani ku ofesi ya HR kapena kwa okonza malipiro mukafunse zinthu zitatu: bungwe limene kampani yanu imagwira nalo, malire a ndalama, ndi nthawi yolembetsa. Mabungwewa alipo angapo, monga Cyclescheme, Green Commute Initiative ndi Cycle2Work ya Halfords, ndipo lililonse lili ndi mashopu ake amene amalandira chiphaso chake chotengera njinga. Kumayamba ndi kudziwa bungwe, shopu pambuyo. Za malire, kale zinthu zinkathera pa £1,000, koma mu Juni 2019 Department for Transport, nthambi ya boma yoona za mayendedwe, inatulutsa malangizo atsopano olola kupitirira apo ngati woyendetsa ndondomekoyo ali ndi chilolezo cha Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ndi ngongole. Komabe kampani ili ndi ufulu woika malire ake, ndipo ena amatsegula zolembetsa kamodzi kapena kawiri pa chaka basi. Ngati kampani yanu ndi yaing'ono ndipo sinalowe, auzeni abwana kuti nawonso apindula: pa ndalama imene mwasiyayo iwo salipira National Insurance yawo, imene kuyambira Epulo 2025 ndi 15%. Mawu amenewo amawamva msanga kuposa nkhani ya utsi wa magalimoto.

Zotsatira zake n'zosavuta. Shopu imakulemberani mtengo wa njinga ndi zipangizo zonse, mumalembetsa pa intaneti ndi ndalama imeneyo, mumasaina mgwirizano wa lendi, abwana amavomereza n'kulipira, ndipo chiphaso chimabwera pa imelo. Mumapita nacho kushopu pamodzi ndi chitupa chanu. Kuchedwa kumakhala pa kuvomereza kwa kampani, ndiye funsani ashopu ngati angakusungireni njingayo. Onetsetsaninso kuti mtengo umene mwalembetsa ndi womwewo umene mukufuna, chifukwa chiphaso chikatuluka chenji sabweza.

Funso lina loti mufunse kushopu musanakondwe: njinga zimene atsitsa mtengo amalola kutenga ndi chiphaso? Mabungwe aja amadula gawo lawo pa ndalama imene shopu ikulandira, ndiye mashopu ena amakana, ena amaonjezapo kangachepe pamwamba. Njinga yachaka chatha imene yatsitsidwa ndi 25% nthawi zina imatuluka chimodzimodzi mukangoigula ndi ndalama zanu, ndipo imakhala yanu tsiku lomwelo.

Tsopano njinga yake. Ine ndimakhala ku Sheffield, mzinda umene msewu uliwonse umaoneka ngati ukukwera, ndipo chimene ndimayamba kuyang'ana pa njinga ndi giya yopepuka kwambiri, osati yothamanga kwambiri. Wa ku Cambridge kapena ku Hull, kumene kuli chidikha, atha kuseka zimenezi. Kwa ulendo wa kuntchito ndimakonda njinga ya mahandulo owongoka, matayala otambalalako osaboola msanga, ndi mabowo pa fulemu omangirapo madigadi ndi kaliyala. Mabowo amenewo muwerame muwaone ndi maso anu, pafupi ndi pamene tayala lakumbuyo limamangidwa. Njinga zina zokongola kwambiri zilibe, ndipo mudzazindikira mu Novembala pamene madzi akuda a mumsewu ajambula mzere kuyambira pa thalauza mpaka pakhosi pa jekete, inu muli ndi shifiti ya maola 12 patsogolo. Nyengo yozizira makhonsolo amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya tcheni. Madigadi aatali amateteza inu ndi tcheni yomwe.

Ubwino wa ndondomekoyi ndi woti zipangizo zachitetezo zimalowa pa chiphaso chomwecho: chipewa choteteza mutu, nyali, loko, madigadi, zikwama zapakaliyala, zovala zowala usiku, pampu. Nyali si zokongoletsera. Dzuwa likalowa lamulo limafuna nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, ndipo mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane kapena itangokwana. Ndiye mumapita kuntchito mumdima, kubwerako mumdima. Pa loko musaumire. Tengani loko yachitsulo yooneka ngati chilembo cha D imene ili ndi chizindikiro cha Sold Secure, ya Gold kapena Diamond, chifukwa makampani ambiri a inshulansi amatchula mlingo wa loko umene akufuna. Kachingwe kaja kopota wakuba amakadula mukadali pamzere wolipira mkaka.

Koma poti ndalama siikutuluka m'thumba tsiku limenelo, mushopu mumakoma. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chilichonse chimene mwaponya mudengu mudzachiona pa payslip mwezi ndi mwezi.

Njinga zamagetsi zimaloledwa, bola zikhale zimene lamulo limaziwerenga ngati njinga: mota yosaposa mawati 250, yothandiza pamene mukupalasa, ndipo yosiya kuthandiza liwiro likafika mamailosi 15.5 pa ola. Kwa munthu wa zitunda ngati zathu kuno, kapena woweruka 10 koloko usiku miyendo itatheratu, imeneyi ndi imene imapangitsa kuti njinga igwiredi ntchito m'malo mongotsamira kukhonde. Ingoganizirani kulemera kwake ngati mumakhala m'nyumba yam'mwamba yopanda chikepe, ndipo mudziwiretu kumene muzitchajira batire.

Lamulo limati theka kapena kuposa la maulendo a njingayo likhale la kuntchito. Kupalasa mpaka pa siteshoni ya sitima n'kukwera sitimayo kumawerengedwanso. Palibe amene amakuuzani kuti muzilemba mamailosi m'kabuku, ndipo Loweruka mutha kupita nayo kulikonse. Chosaloledwa ndi kutengera mwana kapena akunyumba njinga m'dzina lanu.

Apa ndiye pofunika kukhala pansi. Miyezi 12 ija ikatha, njinga sinakhale yanu. Kampani ikangokupatsani ulere, HMRC, nthambi ya boma yotolera msonkho, imaiona ngati phindu la pantchito loyenera msonkho. Choncho HMRC ili ndi mndandanda wa mtengo umene imavomereza kuti njinga yogwiritsidwa ntchito ili nawo. Njinga ya chaka chimodzi imene inagulidwa pansi pa £500 imawerengedwa 18% ya mtengo wake, ya £500 kupita m'mwamba 25%. Ikafika zaka 4, manambalawo amatsika kufika pa 3% ndi 7%.

Tibwerere ku £1,000 ija. Mukanena kuti ndikufuna ikhale yanga lero, mulipira pafupifupi £250 kuchokera m'thumba, ndalama yodulidwa kale msonkho. Kuphatikiza ndi £720 ija, zakwana £970. Chaka chonse cha mapepala mwapulumutsa £30. Njira inayo, imene mabungwe ambiri amapereka, ndi kupitiriza kuibwereka kwa zaka zina zitatu osalipiranso mwezi ndi mwezi. Mumangopereka chikole kamodzi, 7% ija, imene pano ndi £70, ndipo zakazo zikatha bungwe limasunga chikolecho, njinga n'kukhala yanu. Zonse pamodzi £790. Kusiyana kwa £970 ndi £790 kumachokera pa kabokosi kamodzi kamene mumasankha mu imelo yobwera kumapeto kwa chaka, imelo imene ambiri amaiyesa yotsatsa malonda. Njira yachitatu ndi kubweza njinga, koma sindikuona chifukwa chochitira zimenezo mutailipira chaka chathunthu. Mabungwe amasiyana pa ndalama ya kumapetoyi, ena amatenga yochepa kwambiri, ndiye ifunseni pachiyambi, osati ikafika. Kumbukiraninso kuti pa zaka zoonjezerazo simungaigulitse njingayo, poti mwini wake akadali wina.

Nanga mukasiya ntchito miyezi isanathe? Ndalama yotsala amaichotsa yonse pa malipiro anu omaliza, ndipo ulendo uno amachotsa msonkho utadulidwa kale. Mukachoka patatha miyezi 4, pa £1,000 ija patsala pafupifupi £667, ndipo imeneyo ichoka nthawi imodzi, mwezi womwewo umene mwina mukusamuka ndi kulipira chikole cha nyumba yatsopano. Zilibe kanthu kuti mwachoka nokha kapena akuchotsani. Ngati kontrakiti yanu ndi ya miyezi yowerengeka, kapena mwayamba kale kuponya makalata kwina, dikirani mukatengere kumene mukupitako.

Ikabedwa, malipiro amapitirira kudulidwa mpaka mgwirizano utatha. N'chifukwa chake inshulansi ndi yofunika kuyambira tsiku lotenga njinga. Ngati muli ndi inshulansi ya katundu wa m'nyumba, imbani mufunse ngati imateteza njinga ikakhala panja, komanso ngati imateteza njinga imene mwachita lendi. Tembenuzani njingayo, pansi pa fulemu pakati pa mapedulo pali nambala yodindidwa pachitsulo. Ijambuleni ndi foni, muilembetse pa BikeRegister, kaundula amene apolisi amagwiritsa ntchito akapeza njinga zobedwa. Kukonzetsa nakonso ndi kwanu: mabuleki, tcheni, tayala likaphwa, zonsezo abwana sizikuwakhudza.

Palinso zina zimene zimawerengedwa kuchokera pa malipiro anu, ndipo malipirowo pa pepala atsika. Ndalama ya tchuthi cha uchembere imene lamulo limapereka imatengera zimene mayi analandira pa masabata ena ake asanachire, choncho amene ali woyembekezera ayambe wafunsa ku HR. Makampani ena amawerengera penshoni pa malipiro akale, ena pa otsikawo. Ngati mukufuna ngongole ya nyumba miyezi ikubwerayi, banki idzaona kudulidwako pa mapayslip anu. Pa njinga ya £600 zimenezi n'zazing'ono. Pa yamagetsi ya £3,000 yogawidwa miyezi 12, imene ndi £250 pa mwezi, si zazing'ono. Ndipo amene malipiro ake pa chaka safika £12,570 salipira msonkho kale, ndiye palibe chimene angapulumutse. Ameneyo, komanso amene ulendo wake ndi mamailosi awiri a msewu wosalala, njinga yakale yosamalika imukwanira, bola aonetsetse kuti wogulitsayo ndi mwini wake.

Payslip yoyamba ikatuluka mutatenga njinga, ikhalireni pansi. Kudulidwako kuoneke kumtunda, msonkho ndi National Insurance zisanawerengedwe, ndipo ziwirizo zikhale zotsikirapo poyerekeza ndi mwezi watha. Ngati ndalama yolowa ku banki yatsika ndi £83.33 yonse m'malo mwa £60, okonza malipiro aika pamalo polakwika. Alembereni sabata yomweyo, muwatumizire ndi kope la mgwirizano umene munasaina.