Momwe mungayesere ana masamu pogwiritsa ntchito kamsika ka m'kalasi

Mayeso olemba pabolodi amakuuzani amene wakhoza ndi amene walakwa, koma sakuonetsani pamene mwana wasokonezekera. Kuno ku Salima alipo ana a Sitandade 4 amene amabweza chenje bwinobwino akamathandiza makolo kugulitsa usipa ku Senga Bay, koma samu yomweyo ikalembedwa m'kope amangoiyang'ana. Mwana wotere mpatseni ntchito yoti achite inu mukuona.

Sankhani luso limodzi lokha, monga kuphatikiza ndi kuchotsa ndalama. Konzani kamsika pakona: timiyala tikhale milu ya usipa, mchenga wa m'timapepala ukhale mpunga wa ku Lifuwu, ndalama mudule pa makatoni, za K50, K100, K200 ndi K500. TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndi imeneyo, simugula kanthu.

Ntchitoyo ikhale ya magawo atatu. Amene akuvutika agule chinthu chimodzi, alipire ndalama yokwanira ndendende. Wapakatikati agule ziwiri, aphatikize mitengo, anene chenje chake. Wochangamuka akhale wogulitsa, ndipo mumpatse dala ndalama yoperewera kuti muone ngati azindikire. Musalengeze kuti awa ndi ofooka. Ana amasekana, ndipo wosekedwayo mawa sabwera.

Musanayambe, lembani mayina m'kope ndi mizere itatu: watchula mtengo, wawerengetsa bwino, wafotokoza momwe wapezera yankho. Perekani 1 mpaka 4 monga pa lipoti, 4 kwa wokhoza kwambiri, 1 kwa wofunika thandizo. Mzere wachitatuwo ndiye mwini nkhani. Mwana akati K500 kuchotsa K350 ndi K250, musathamangire kuchonga. Mufunseni kuti, “Wapeza bwanji?” Kawirikawiri mupeza kuti atafika pa 0 kuchotsa 5 anangotembenuza n'kuchita 5 kuchotsa 0. Ameneyu kuchotsa akudziwa, chamuvuta ndi kubwereka basi. Mnzake wongolota yankho mankhwala ake ndi ena.

Kalasi ya ana 80 simungaimalize tsiku limodzi. Mwana mmodzi amatenga mphindi ngati zitatu, choncho yesani ana khumi patsiku ena akulemba ntchito, pa masiku asanu ndi atatu mwamaliza. Lembani malikisi pompopompo, chifukwa mukadikira nthawi yoweruka mudzangokumbukira ana olankhulalankhula.

Kuyesa gulu lonse pamodzi kumanamiza: mmodzi amawerengetsa, anayi n'kumangogwedeza mitu. Wachibwibwi kapena wovutika kumva aonetse yankho ndi ndalamazo m'manja. Amene sanabwere, kaya chifukwa cha mvula kaya tsiku la msika, musampatse 1, siyani mpata pa dzina lake.

Mayeso olemba musawataye, popeza a MANEB ku Sitandade 8 amalembetsa papepala. Akatha kugula, aliyense alembe samu yake m'kope. Opeza 1 ndi 2 muwaike pamodzi sabata yotsatira, aphunzire kubwereka ndi timitolo ta timitengo khumikhumi, ndipo pakatha masabata awiri abwererenso pa kamsika mitengo itasinthidwa.