Kukonza ndi kuulutsa ndege yaing'ono ya nkhondo ya mtundu wa jeti

Mwa ndege zazing'ono zonse zimene anthu amaulutsa ndi rimoti, zimene zimakopa maso kwambiri ndi zija zotsanzira ndege zoyambirira za nkhondo za mtundu wa jeti. Pali Messerschmitt Me 262 ya ku Germany ndi Gloster Meteor ya ku Britain, zimene zinalowa m'nkhondo mu 1944, palinso F-86 Sabre ya ku America ndi MiG-15 ya ku Soviet Union, zimene zinathamangitsana m'nkhondo ya ku Korea kuyambira mu 1950 mpaka mu 1953. Opanga amayesetsa kutsanzira chilichonse, kuyambira maonekedwe a thupi mpaka manambala a pamchira, ndipo kukongolako n'kumene kumabweretsa vuto, chifukwa ndege yaing'onoyo imatengeranso khalidwe la yaikulu ija. Mapiko a Sabre ndi a MiG-15 anapendekera kumbuyo ndi madigiri 35 kuti azithamanga bwino, ndipo mapiko otere sakhululuka liwiro likachepa.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti mugwiritse musanatsegule n'komwe bokosi ndi ichi: jeti ilibe pulopela kutsogolo. Pa ndege ya pulopela, mukangowonjezera moto, mphepo imapemerera mapiko ndi mchira nthawi yomweyo, ndipo ndege imakumverani ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono. Pa jeti mphepo yonse imadutsa m'kati mwa injini n'kutulukira kumbuyo osakhudza mchira, choncho ziwongolero, timapiko togwedezeka ta pa mapiko ndi pamchira, zimagwira ntchito pokhapokha ndege yeniyeniyo ikamathamanga. Pafupifupi zonse zimene ndilembe pano zikuchokera pa mfundo imeneyi. N'chifukwa chakenso jeti siyenera kukhala ndege yanu yoyamba. Yambani mwaphunzira pa ndege yofatsa ya mapiko a pamwamba, kenako pa ndege yothamanga ya mapiko a m'munsi, mpaka mufike poti kutera sikukuchititsaninso befu.

Ndegezi zimayenda ndi mphamvu za mitundu iwiri. Zina zili ndi injini yeniyeni ya turbine, imene imamwa parafini wosakaniza ndi oyilo pang'ono, imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo mpweya wake umatuluka wotentha madigiri mazana angapo, moti mwini wake sayatsa popanda chozimitsira moto pambali. Zimenezo n'za anthu amene anazolowera kale. Ambiri amayambira pa EDF, imene ndi fani ya magetsi yokhala m'chitoliro m'kati mwa ndege, ndipo kukula kwake amakuyeza m'mamilimita: 64, 70, 80 kapena 90. Ine ndimaona kuti ya 70 kapena ya 80 ndiyo yoyenera munthu woyamba jeti, chifukwa yaing'ono kwambiri imagwedezeka ndi mphepo ndipo imasowa msanga m'maso, pamene ya 90 ndi yolemera ndipo imafuna bwalo lalitali.

Kulumikiza ziwalo sikutenga nthawi, popeza zambiri mwa ndegezi n'za fomu yopepuka ndipo zimabwera mota ndi maservo (timakina togwedeza ziwongolero) zili kale m'malo mwake. Koma musakhulupirire kuti zimene anamanga kufakitale n'zolimba zonse. Kokani pang'ono chiwongolero chilichonse kuti muone ngati mahinji ake agwira, yesani sikuluu iliyonse, ndipo suzumirani m'njira zolowera mpweya kuti mutsimikize kuti mulibe waya wolendewera kapena kapepala kotsalira, chifukwa fani imameza chilichonse chimene chayandikira. Risiva, kabokosi kolandira malamulo a rimoti, imangidwe bwino patali ndi batire ndi mawaya akuluakulu a mota, ndipo ngati ili ndi timaeriyo tiwiri, kamodzi kaloze kutsogolo, kena kaloze cham'mbali kapena m'mwamba, kuti ndege ikapendekera mbali iliyonse pakhale kamodzi kamene kakumva rimoti bwino. Pa nthawi yonse imene mukukonza za m'rimoti, mota ikhale yochotsedwa ku mawaya ake, ndipo ikani switchi imodzi yotsekera moto. Muziyamba kuyatsa rimoti kenako ndege, ndipo pozimitsa muziyamba ndi ndege.

Tsopano imani kumbuyo kwa ndege, mphuno yake italoza kumene mukuyang'ana, ndipo yesani ziwongolero chimodzichimodzi mosapupuluma. Mukakankhira kandodo ka pa rimoti kumanja, aileron (chiwongolero cha paphiko) ya phiko lamanja ikwere, yakumanzere itsike. Mukakokera kandodo kwa inu, elevator, chiwongolero chogona cha kumchira, ikwere. Mukapereka rudder (chiwongolero choimirira cha kumchira) kumanja, ikhotere kumanja, ndipo tayala lakutsogolo likhotenso moti ndege ipite kumanja. Kuona kuti zikugwedezeka sikokwanira ayi, muyenera kuona kumene zikulowera. Ine ndinataya ndege yanga yachiwiri chifukwa cha zimenezi. Ndinali nditasintha servo ya phiko usiku, m'mawa ndinangogwedeza tindodo n'kuona kuti zonse zikuyenda, ndipo ndege itangodzuka inapendekera pang'ono kumanzere. Ndinapereka kumanja kuti ndiiwongole, iyo inapendekera kumanzere kwambiri, ndinawonjezera, ndipo pasanathe masekondi atatu inali itagona chagada, mphuno itaphwanyika, fani ikulirabe ndi dothi m'kati. Ngati ndege yanu ili ndi gyro, kachipangizo kothandiza kuikhazika mumphepo, kayeseninso pakokha: nyamulani ndege, tsitsani phiko lamanja mwachangu, ndipo aileron yakumanja itsike kuti ibweze phikolo m'mwamba. Gyro yoikidwa mozondoka imagwetsa ndege mwachangu kuposa dzanja la munthu.

Chimene chimafuna chifatse kuposa zonse ndi CG, malo amene kulemera kwa ndege kumakumanirana. Buku la ndege limatchula mtunda wake m'mamilimita, kawirikawiri kuyeza kuchokera kutsogolo kwa phiko pamene lakumana ndi thupi. Yezani ndi rula, matani tizidutswa ta tepi pa mapiko onse awiri, ikani batire ndi chivindikiro monga mmene ndege idzaulukire, ndipo inyamuleni ndi nsonga za zala pa tizidutswa tija. Ndege ya mapiko a m'munsi monga Sabre imayezeka bwino itatembenuzidwa chagada. Werenganinso ngati buku likufuna matayala akhale otuluka kapena opindika poyeza, popeza tayala lakutsogolo likapindika limasuntha kulemera pang'ono. Ndege ikalemera kumphuno imachedwa kudzuka ndipo imatera ndi liwiro lalikulu, koma imamvera. Ikalemera kumchira imadzuka msanga yokha, imaimika mphuno, imagwedezeka kwambiri ndi kukhudza kulikonse kwa kandodo, ndipo nthawi zambiri sibwerera yamphumphu. Pa ulendo woyamba sankhani malire a kutsogolo a zimene buku lalola. Musathamangire kumata zitsulo zowonjezera kulemera. Sunthani batire kaye, ndipo mukapeza malo ake jambulani mzere ndi cholembera pansi pa chipinda chake, kenako imangeni ndi lamba wolimba, chifukwa batire yotereyi ikasereleka kupita kumbuyo ndege ikukwera, CG yonse imene munayeza yapita.

Kukula kwa kayendedwe ka ziwongolero kutsatenso buku, ndipo kuyezedwe ndi rula, osati ndi maso. Ikani magawo awiri pa switchi, lochepa ndi lalikulu, ndipo wonjezerani expo ya pakati pa 25 ndi 30 peresenti kuti pakati pa kandodo pakhale pofewa. Ma flaps, timapiko totsikira pansi tothandiza ndege kuuluka pang'onopang'ono, muwachedwetse m'rimoti kuti azitenga masekondi awiri potsika, chifukwa akatsika mwadzidzidzi ndege imadumpha.

Nkhani ya batire ndi ya masamu osavuta, koma ndi amene amalamula kutalika kwa ulendo wanu. Selo imodzi ya batire ya LiPo ikadzaza imakhala ndi mavolti 4.2, choncho batire ya maselo asanu ndi limodzi, imene amaitcha 6S, imafika 25.2. Tiyerekeze kuti muli ndi ya 5000 mAh, muyeso wa mphamvu imene batire imasunga. Simuyenera kuimaliza yonse. Gawo limodzi mwa magawo asanu litsale, kutanthauza kuti muli ndi 4000 mAh zogwiritsa ntchito. Ngati fani ikukoka maampu 60 mukaphatikiza nthawi ya moto wambiri ndi ya moto wochepa, mphamvu imeneyo imatha m'mphindi zinayi zokha. N'chifukwa chake pa ulendo woyamba ndimaika belu la rimoti pa mphindi ziwiri ndi theka, kuti pakhale mphamvu yozunguliranso kawiri ngati kutera koyamba kwakanika. Tchajani ndi tchaja yolinganiza maselo, inu muli pomwepo, patali ndi zinthu zogwira moto, ndipo batire yotupa kapena yobooka musaiikenso m'ndege. Imene simugwiritsa ntchito masiku angapo isungidwe pa mavolti 3.8 pa selo.

Musanapite kubwalo yesani failsafe, chitetezo chimene chimagwira ntchito ndege ikasiya kumva rimoti: munthu wina agwire ndege, perekani moto pang'ono, zimitsani rimoti, ndipo mota iime yokha. Mukafika, yesani mtunda umene rimoti ikufika poiika pa mphamvu yochepa n'kuyenda mamita pafupifupi 30, kapena monga buku lake lanenera, ndege ikutembenuzidwa mbali zonse. Bwalo likhale lalitali, losalala, lopanda timiyala, lotalikirana ndi anthu, misewu ndi mabwalo a ndege zazikulu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'maiko ambiri malire okwera ndi mamita 120, ndipo ku America bungwe la FAA limafuna kulembetsa ndege ikalemera kuposa magalamu 250, choncho funsani bungwe loona za ndege la kwanuko. Khalani ndi mnzanu pambali woti azikuuzani nthawi ndi zimene zili m'njira.

Yambani mwaiyendetsa pansi kangapo kuti muone ngati ikupita molunjika. Kenako ilozetseni kumene mphepo ikuchokera, wonjezerani moto pang'onopang'ono mpaka wonse, ndipo ilekeni ithamange. Apa m'pamene mtima umakunyengani kuti muidzutse msanga, makamaka mukaona mapeto a bwalo akuyandikira, koma jeti yodzutsidwa liwiro lisanakwane imaimika mphuno, phiko limodzi n'kugwa. Ikayamba kupepuka pa matayala, kokani elevator mofatsa ndipo ikwere modekha, osati moimika mphuno kwambiri. Ikakhazikika pindani matayala, bwezani ma flaps, kwerani pamalo abwino, chepetsani moto kufika cha pakati, ndipo konzani trim, timabatani ta pa rimoti tosunthira ziwongolero pang'onopang'ono, mpaka iziyenda molunjika mutasiya tindodo. Khotani motambasuka, ndipo musailole kupita kutali, pakuti utoto wa siliva wa Sabre kapena wotuwa wa Me 262 umasakanikirana ndi mitambo, moti pakamphindi kochepa simudziwanso ngati ndege ikubwera kapena ikupita.

Musanaganize zoitembenuza mumlengalenga, phunzirani mmene imachitira liwiro likatha, mukadali m'mwamba ndithu. Tsitsani matayala ndi ma flaps, chepetsani moto, ndipo kokani elevator pang'onopang'ono. Muona ziwongolero zikuyamba kufooka, ndege ikugwedeza mapiko, kenako ikugwetsa mphuno kapena phiko. Poipulumutsa, siyani kaye elevator, perekani moto, dikirani liwiro libwerere, ndiyeno muidzutse mofatsa. Liwiro limene mwaona ikufookera lija mulisunge m'maso, chifukwa potera simuyenera kulifika.

Kutera ndiko kumatha ndege zambiri zotere. Jeti sitera mota itazimitsidwa monga ndege yophunzirira. Imabwera ndi moto pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, mpaka itatsala pang'ono kugunda pansi. Tsitsani matayala mukudutsa patsogolo panu kuti muone ndi maso kuti onse atatu atuluka, ndipo khotani komaliza motambasuka mphuno ili chotsika pang'ono, popeza kukoka elevator mwamphamvu pokhota ndege ili pansi komanso ikuyenda pang'onopang'ono ndiko kumagwetsa phiko pamalo poti simungathenso kuipulumutsa. Ikalunjika bwalo, elevator igwire mphuno pamalo amodzi, yotukuka pang'ono, ndipo kutsika kwake muzikulamula ndi moto: ikamatsika msanga wonjezerani pang'ono, ikamayandama chepetsani. Ikafika cha m'mawondo kuchokera pansi, chotsani moto pang'onopang'ono, kokani elevator mofewa, ndipo matayala akumbuyo ayambe kugunda. Mukaona kuti yabwera pamwamba kwambiri kapena yapatuka, sankhani msanga kuzunguliranso, chifukwa ngakhale fani ilire nthawi yomweyo, ndege imatenga kamphindi kuti liwiro libwerere, ndipo pa kamphindi kameneko imakhala ikutsikabe.

Ikaima, tsekani moto ndi switchi, chotsani batire, ndipo yezani maselo ake. Akakhala pakati pa mavolti 3.7 ndi 3.8, nthawi imene munaika ndi yabwino, ndipo akakhala pamwamba mungawonjezere masekondi 15 pa ulendo wotsatira. Khudzani batire ndi ESC, kabokosi kolamula mota, kuti mumve ngati zatentha moti dzanja silingapirire. Walitsani tochi m'chitoliro n'kuyang'ana masamba a fani, popeza kamwala kamodzi kamasiya kachibanthu kamene kamayambitsa kunjenjemera, ndipo gwedezani miyendo ya matayala kuti muone ngati yakhwefuka. Ngati ndege inavuta kudzutsa mphuno potera, sunthani batire kumbuyo kuti CG ibwerere mamilimita awiri kapena atatu okha, jambulani mzere watsopano, ndipo musasinthenso china chilichonse mpaka mutaulutsa ndi kuona zotsatira za kusintha kumodzi kumeneko.