Momwe mungasankhire matabwa opangira gitala

Pa gitala yosalumikiza ku magetsi, mawu amatuluka m'thabwa la kutsogolo, lija lili ndi bowo. Nsambo zimangoligwedeza. Ndiye kusankha kuyambire pamenepo, ndipo ngati ndalama ndi zochepa, zambiri zipite pa thabwa limeneli.

Likhale lopepuka koma losapindika msanga. Amisiri a ku Europe ndi ku America amakonda spruce kapena Western red cedar. Kuno mitengoyi sipezeka wamba, choncho paini wa ku Chikangawa angakuthandizeni, bola mumusankhe mofatsa: wopanda mfundo, wopanda utomoni wambiri, mizere yake yowongoka ndi yothinana. Yang'ananinso kumapeto kwa thabwalo. Mizere ikhale choimirira, chifukwa yogona imapinditsa thabwa likamauma. Mkungudza wa ku Mulanje musauganizire n'komwe, watsala pang'ono kutha.

Kenaka limvereni. Ligwireni ndi zala ziwiri chakumtunda, lilendewere, mugogode pakati ndi chala. Labwino limalira kwa kanthawi. Longoti phu n'kukhala chete, kapangireni shelefu. Mukapeza labwino, lichekeni pakati m'makulidwe ake, mulitsegule ngati buku, mumate mbali ziwirizo, ndipo mupale mpaka lifike mamilimita 2.5 kapena 3.

Pa matabwa a kumbuyo ndi m'mbali mwa gitala tili ndi mwayi. Mbawa yathu yomweyi ili m'gulu la mitengo ya Khaya, imene mafakitale a magitala amagula pa dzina loti African mahogany. Imapalika bwino, imalola kupindidwa mukainyowetsa ndi kuitenthetsa, mawu ake ndi ofatsa. Mlombwa nawo ndi wokongola ndipo sufupika kwambiri ukamauma. Khosi la gitala lipangeni ndi mbawa yowongoka, poti nsambo zachitsulo zimakoka ndi mphamvu yofika makilogalamu pafupifupi 70.

Poponda zala ndi pomangirira nsambo pamafunika mtengo wolimba zedi, monga phingo. Kachidutswa kakang'ono kakwana. Dziwani kuti kuyambira mu 2017 malonda a phingo pakati pa mayiko amatsata pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, ndipo mbawa ndi mlombwa anaziwonjezera pa mndandandawo mu 2022. Gulani kwa ogulitsa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi chinyezi. Thabwa lochekedwa mwezi watha, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi louma, musaligwiritse ntchito. Amisiri amafuna chinyezi cha 6 mpaka 8 peresenti. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, sanjani matabwawo m'nyumba pamthunzi, muike timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa, akhale chaka kapena kuposerapo. Kwa ine, chitseko chakale cha mbawa kapena tebulo lothyoka zimaposa thabwa latsopano, chifukwa zinauma kalekale. Ingosamalani misomali ndi zibowo za tizilombo.

Kumata ndi guluu kuchitike m'chilimwe, cha mu September kapena October. Gitala yomatidwa nthawi ya dzinja matabwa ake amakhala atafufuma, ndipo kukadzauma amang'aluka.