Kuika fyuluta yoteteza sensa ya chinyezi pa siteshoni yoyezera nyengo pakhomo

Siteshoni yoyezera nyengo ya pakhomo ikamakalamba, chimene chimayamba kunama nthawi zambiri si chida choyezera mvula kapena mphepo, koma sensa ya chinyezi cha mumpweya. M'mawa wa chifunga, udzu utanyoweratu ndi mame, mumapeza kuti pa sikirini pali 85 peresenti pamene panayenera kuyandikira 100. Masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sensa yomweyo imasonyeza chinyezi chokwera kuposa mmene mpweya ulili. Njira imodzi yochedwetsera vuto limeneli ndi kuvundikira sensayo ndi fyuluta. Ntchitoyi ndi yaing'ono ndipo siifuna zida zambiri, koma ikagwiridwa mosasamala imawononga chinthu chomwe mumafuna kuteteza.

Tidzatenga chitsanzo cha sensa ya SHT31, yopangidwa ndi kampani ya Sensirion ya ku Switzerland, chifukwa ndiyo imapezeka m'masiteshoni atsopano a Davis Vantage Pro2 komanso pa timabolodi tambiri timene anthu amalumikiza ku timakompyuta ting'onoting'ono ta Arduino kapena Raspberry Pi akamadzipangira okha siteshoni. Kukula kwake ndi mamilimita 2.5 mbali zonse ziwiri, ndipo pamwamba pake pali kabowo kotseguka. Pansi pa kabowoko pali kachikopa kopyapyala kwambiri ka pulasitiki yapadera kamene kamayamwa nthunzi ya madzi mpweya ukanyowa, n'kuitulutsanso mpweya ukauma. Kusintha kumeneku n'kumene sensa imawerenga. Choncho kachikopako sikangatsekedwe kuti kasamakumane ndi mpweya, ndipo chilichonse chimene chili mumpweyamo chimakafikira: fumbi la nyengo yachilimwe, mwaye wa moto wolusa wa m'tchire, utsi wa kukhitchini, madontho a chifunga, ngakhalenso tizilombo ting'onoting'ono. Amene amakhala m'mphepete mwa nyanja ya Malawi akudziwa mmene tizilombo ta nkhungu timadzazira paliponse pamene pali mpata.

Fyuluta yopangidwira sensa imeneyi imatchedwa SF2, pamene ya masensa akale a SHT11 ndi SHT15 imatchedwa SF1. Ndi kachipewa ka pulasitiki kokhala ndi kansalu koyera ka PTFE (mtundu wa pulasitiki wosanyowa ndi madzi) pamwamba pake. Kansaluko kali ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timalola nthunzi kudutsa koma timakaniza fumbi ndi madontho a madzi. Mfundo yofunika kuigwiritsa musanayambe ndi iyi: popeza fyuluta imalola nthunzi ya madzi kudutsa, imalolanso fungo la guluu, penti, petulo, sipiriti ndi mankhwala opopera tizilombo. Imateteza ku zinthu zogwirika zokha. N'chifukwa chake mbali yovuta ya ntchitoyi si kukhazika kachipewako, koma kusankha chomatira ndiponso kudziletsa kuti musakhudze zimene siziyenera kukhudzidwa.

Musanagule kalikonse, yang'anitsitsani bolodi yanu. Masensa ena a SHT31, amene dzina lawo lili ndi chilembo cha F chakumapeto, amabwera atamatidwa kale kansalu koyera pamwamba, ndipo amenewa safunanso fyuluta ina; kansaluko si kapepala kochotsa, choncho musakamatule. Bolodi ya Davis nayo imabwera ndi chivundikiro chakechake, ndipo ngati siteshoni yanu ikadali pa waranti, n'kwanzeru kuisiya mmene ilili, chifukwa kusintha zinthu m'kati kungachititse kuti ogulitsa akane kukuthandizani. Onaninso ngati pafupi ndi sensa pali malo okwanira kuti kachipewa kakhale mosapendekeka, ndiponso ngati bolodi ili ndi mabowo olowetsamo timiyendo take. Timabolodi tambiri totsika mtengo tilibe mabowo amenewa, ndipo tina tili ndi tizipangizo tina toyandikana kwambiri ndi sensa moti kachipewa sikangakhazikike.

Chinthu choyamba kuchita ndi kuyesa sensa isanavale fyuluta, kuti pambuyo pake mudzakhale ndi poyerekezera. Tengani botolo lagalasi la pakamwa potakata, lotsukidwa bwino ndiponso lopanda fungo lililonse, muikemo kachitsekero kodzaza mchere wa patebulo. Dontheserani madzi oyera pa mcherewo mpaka unyowe wonse koma usasungunuke. Uzioneka ngati mchenga wonyowa. Lowetsani sensa m'botolomo popanda kukhudzitsa mchere, tsekani mpata wonse wozungulira waya, ndipo ikani botololo m'chipinda chimene kutentha kwake sikusinthasintha, kutali ndi zenera. Mpweya wotsekeredwa pamodzi ndi mchere wonyowa chotere umakhazikika pa chinyezi cha pafupifupi 75 peresenti. Siyani usiku wonse, kenako lembani nambala imene mwapeza. Sensa ya SHT31 yabwinobwino imatha kuphonya ndi 2 peresenti kumtunda kapena kumunsi, choncho ikawerenga pakati pa 73 ndi 77 palibe chodetsa nkhawa. Ikaphonya kwambiri kuposa pamenepa, dziwani kuti fyuluta siidzaichiritsa. Kuvundikira sensa yowonongeka kale n'kutaya nthawi, ndipo ndi bwino kugula yatsopano n'kuiveka fyulutayo isanaone fumbi.

Tsopano chotsani sensa pa siteshoni. Zulani waya wake kaye, ndipo ngati siteshoniyo ndi yodzipangira nokha, chotsani batire ndi waya wochokera ku sola. Pa Vantage Pro2 sensa ili m'kati mwa timbale toyera tosanjikizana timene timaitchinga ku dzuwa, pansi pa chotungira mvula. Mukachotsa chotungiracho mumaona masikulu amene amagwira timbaleto. Jambulani ndi foni musanamasule ndiponso pamene mukuchotsa kambale kalikonse, chifukwa timbaleto timafanana kwambiri ndipo n'kosavuta kusokoneza dongosolo lake pobwezeretsa. Timbaleto mukhoza kutsuka ndi madzi ndi sopo wochepa, n'kutsukuluza bwino ndi kuumitsa, pochotsa maukonde a akangaude ndi zisa za mavu. Bolodi ya sensa yokha isayandikire madzi amenewo.

Gwirani ntchito pa tebulo loyera, m'chipinda chopita mpweya, mmene simunapakidwe penti kapena polishi posachedwa ndiponso mmene simukuyaka mankhwala othamangitsa udzudzu. Sambani m'manja ndi kupukuta bwino, osadzola mafuta, kenako khudzani chitsulo chofika pansi monga mpopi wa madzi kuti muchotse magetsi amene amaunjikana m'thupi, popeza magetsi amenewa amatha kupha sensa mwakachetechete. Bolodi muziigwira m'mphepete. Ngati pa kabowo pali fumbi, lipemereni ndi kampira kopopera mpweya kamene ojambula zithunzi amayeretsera magalasi a kamera. Musauzire ndi pakamwa, musagwiritse ntchito kompuresa ya kugaraja imene mpweya wake umakhala ndi oyilo, ndipo musapukute ndi sipiriti, thina kapena mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Ambiri amaganiza kuti sipiriti ndi wabwino pa chipangizo chilichonse cha magetsi, koma opanga sensayi amachenjeza kuti mankhwala ouluka oterewa amalowerera m'kachikopa kaja n'kusokoneza mawerengedwe ake, nthawi zina mpaka kalekale.

Ngati bolodi ili ndi mabowo oyenera, mwachita mwayi. Nyamulani kachipewa m'mbali ndi kambano, osakhudza kansalu koyera, chifukwa mafuta a pachala amatseka timabowo take ndipo chikhadabo chimakaboola. Kalunjikitseni kuti sensa ikhale pakati penipeni, lowetsani timiyendo m'mabowo, ndipo kanikizani m'mphepete mofatsa mpaka kachipewako kagone kwathunthu pa bolodi. Nyamulani bolodiyo pa kuwala n'kuyang'ana cham'mbali: pasaoneke mpata pakati pa kachipewa ndi bolodi. Timiyendo tikamagwedera, dontho laling'ono la chomatira liikidwe kuseri kwa bolodi, kumene timiyendoto tatulukira, osati ku mbali ya sensa.

Pamene palibe mabowo m'pamene pamafunika kudekha. Musayese kuboola bolodi, chifukwa tinjira ta magetsi timadutsa m'malo amene simungawaone bwino. Dulani timiyendo ndi kampeni kakuthwa mpaka pansi pa kachipewa pakhale posalala, kenako kayeseni pa malo ake popanda chomatira kuti muone ngati kakukhala bwino. Mukakhutira, kagwireni ndi kambano n'kupaka chomatira kunja kokha, mozungulira pamene kachipewa kakumana ndi bolodi, pogwiritsa ntchito nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano. Mzere wa chomatiracho ukhale wopyapyala koma wosadukiza. Kupaka chomatira pansi pa kachipewa n'kukanikiza ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa chimafinyikira m'kati n'kutsekeredwa pamodzi ndi sensa m'kachipinda kakang'ono kwambiri, mmene fungo lake lilibe kothawira msanga.

Nanga chomatira chake n'chiti? Supagulu ndiye amapezeka m'golosale iliyonse, ndipo ndiye woyenera kumupewa kuposa onse: akamauma amatulutsa nthunzi imene imasiya chifunga choyera pa zinthu zoyandikana naye, ndipo chifungacho chikhoza kugwera pa kansalu ndi pa sensa yomwe. Silikoni wa m'bafa ndi wa magalasi, amene amanunkha ngati viniga, amatulutsa asidi amene amadya zitsulo za pa bolodi ndi kuipitsa sensa. Guluu womatira nsapato ndi wodzaza ndi mankhwala ouluka. Zimene zingagwiritsidwe ntchito ndi guluu wa epokisi wosakaniza mbali ziwiri, woyezedwa molondola kuti aume kwathunthu, kapena silikoni wopangidwira zamagetsi amene satulutsa asidi. Guluu wosungunula ndi moto alibe fungo lalikulu ndipo ambiri amamukonda chifukwa amagwira msanga, koma amatha kuyamwa chinyezi ndiponso amafewa kukatentha kwambiri, choncho ngati mulibe china muikeni wochepa zedi. Maganizo anga ndi akuti epokisi wochepa, wopatsidwa nthawi yokwanira youma, ndiye amapereka mtendere wa mumtima kwa nthawi yaitali. Selotepi wamba asamatidwe pa sensa ngakhale kwa kanthawi. Tepi imene opanga amavomereza pophimba kabowo kwa kanthawi ndi ya Kapton, tepi ya zamagetsi yopirira kutentha.

Ena amakulunga sensa ndi tepi yoyera ya mapulamba poti nayonso ndi ya PTFE. N'zoona kuti ndi ya PTFE, koma inapangidwira kutseka mapaipi kuti asadonthe, osati kudutsitsa mpweya mwa muyeso wodziwika, ndipo mukakulunga kangapo simungadziwe kuti sensa ikuchedwa motani kumva kusintha kwa nyengo.

Mukamaliza kumata, siyani bolodi pamalo a mthunzi opita mpweya kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena kupitirira ngati malangizo a chomatiracho akutero. Musaitsekere m'jumbo kapena m'kabokosi ka pulasitiki pa nthawiyi. Fungo lonse likatha, bwerezani kuyesa kwa mchere kuja m'botolo lomwe lija ndi m'chipinda chomwe chija. Nambala ikafanana ndi yoyamba, kapena kusiyana ndi peresenti imodzi, ntchito yayenda bwino. Ikasuntha kwambiri, ipatseni sensa masiku angapo mumpweya wabwino musanayesenso, chifukwa kuipitsidwa kochepa kumachoka pang'onopang'ono. Kampani ya Sensirion ili ndi njira yobwezeretsera sensa mwa kuitenthetsa pa madigiri 100 mpaka 105 a Celsius mumpweya wouma kwa maola 10, kenako n'kuisiya pa chinyezi cha pafupifupi 75 peresenti kwa maola 12, koma njirayi siyenera kuyesedwa mu uvuni wophikira mmene muli mafuta ndi utsi, ndipo waya ndi mapulasitiki a pa bolodi sangapirire kutentha koteroko.

Pobwezeretsa sensa m'timbale toyera, onetsetsani kuti kansalu ka fyuluta kayang'ana pansi kapena cham'mbali ngati kapangidwe ka siteshoni kakulola, kuti dontho la madzi lisamakhale pamwamba pake n'kuchititsa sensa kuwerenga chinyezi chokwera kwa maola ambiri mvula itakata. Kansaluko kasagunde khoma kapena waya. Wayayo mumupinde pang'ono kuti atsike kaye asanakwere kupita ku sensa, kuti madzi otsetsereka pa iye azidonthera pansi. Masikulu amangidwe mokwanira koma osalimbitsa mopitirira, popeza pulasitiki yomwe yakhalitsa pa dzuwa siichedwa kung'aluka.

M'masiku otsatira yerekezani mawerengedwe anu ndi a siteshoni yodalirika yoyandikira, monga ya pa bwalo la ndege la ku Chileka kapena la Kamuzu ngati muli pafupi, pokumbukira kuti malo otalikirana sangafanane ndendende. Mudzaona kuti sensa yovala fyuluta imachedwerapo pang'ono kutsatira kusintha kwadzidzidzi, koma pa siteshoni imene imalemba mawerengedwe pakadutsa mphindi zingapo kuchedwa kumeneku sikuoneka. Amene ali ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre asafulumire kuimba mlandu fyuluta pa nthawi ya chiperoni: sensa ya mtunduwu ikakhala pa chinyezi choposa 80 peresenti kwa maola pafupifupi 60 imatha kukwera ndi 3 peresenti, ndipo imabwerera yokha mpweya ukauma. Fyulutayo muziiyang'ana kawiri pachaka, makamaka mvula yoyamba isanagwe, fumbi ndi mwaye zitachuluka. Kansalu kakada kapena kung'ambika, kachipewa konse kasinthidwe ndi katsopano, chifukwa kukachapa kumangokankhira litsiro m'timabowo take.